Phazi Lotsala pa Chithunzi

"Dennis, wafufuta amayi anga! Usakane, ndiwe!"

Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, kumene amayi a gulu la ufa wa kondowole amasendera chinangwa Lachiwiri lililonse. Anali atakhala pa mtondo wogwetsa, akuseweretsa foni. Amayi onse anaimitsa mipeni. Amayi anga okha ndi amene anapitiriza kusenda, maso ali pansi.

"Iwe Pemphero, moni kaye," anatero Dennis. "Kwanu ku Thyolo anthu sapatsana moni?"

"Kwathu ndi kuno. Ndinabadwira pa Chintheche pompa ngati iwe."

Tsamba la pa intaneti la gululi ndinapanga ndine. Palibe anandiphunzitsa. Miyezi isanu ndinkakwera kaphiri kofunira netiweki, n'kumaonera mavidiyo pa foni yong'aluka galasi, mpaka ndinadziwa kuika mutu wa tsamba, kuchepetsa chithunzi kuti chisachedwe kutseguka, ndi kuwalitsa ufa wooneka wotuwa. Tsiku loyamba zilembo zinatuluka zazikulu ngati chikwangwani cha pamsewu, ndinalira ndi mkwiyo, koma ndinakonza. Kenako Anyachirwa, wapampando wa gulu, anandipempha kuti ndimuphunzitseko mwana wawo, Dennis ameneyu. Ndinamuonetsa mmene ndinachotsera mbuzi imene inalowerera pa chithunzi cha thandala loyanikira. Mawu achinsinsi olowera pa tsambalo ndinamupatsanso. Ndinali wopusa.

Ndinakweza foni m'mwamba kuti onse aone.

"Chithunzi ichi ndinajambula ndekha. Munali amayi khumi ndi awiri. Werengani tsopano. Khumi ndi mmodzi! Ndipo taonani beseni ili. Mbali iyi aligwira Anyachirwa, mbali inayi likulendewera lokha m'malere. Beseni la ufa limauluka kodi?"

Mayi wina anaseka, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje.

"Si zokhazo. Pamene panali amayi anga wamatapo khoma, ndiye zenera la tchalitchi laoneka kawiri. Pansi apa waiwala phazi. Phazi lokha, la patapata wobiriwira, lopanda mwini. Uyo patapatayo, ali kuphazi kwawo panopa. Ngakhale kuba kumene sukutha, Dennis. Ndinakuuza kuti uzikulitsa chithunzi usanasunge."

"Ndimangoyeserera," anatero, nkhope itachita mdima.

"Kuyeserera pa munthu? Mbuzi zatha?"

Anyachirwa anapukuta manja pang'onopang'ono. Ndi mayi wolemekezeka, mkulu wa mvano, ndipo sakonda kukweza mawu.

"Mwana wanga, khala pansi. Nkhani ya chithunzi ndi yaing'ono."

"Ndi yaing'ono? A bungwe la ku Mzuzu lothandiza magulu ngati lathuli anati chionetsero cha sabata yamawa apita okhawo amene nkhope ndi mayina awo zili pa tsamba. Dzina la amayi anga, Margret Nakoma, lachokanso pa mndandanda. Ndaona m'mawa uno. Ndinafuna kulibwezera, koma mawu achinsinsi asinthidwa. Tsamba langa lomwe, landitsekera kunja!"

"Ndi tsamba la gulu, si lako," anatero Dennis.

"Unalemba mzere ungati iwe? Tchula umodzi."

Dennis anabwezera maso pa foni yake. Anyachirwa ndi amene anapitiriza.

"Iwo aja akufuna kuonetsa chakudya cha makolo a kuno kunyanja. Akafunsa Margret za kondowole wa agogo ake, adzati chiyani? Ndi mlendo. Sitikumuthamangitsa ayi, ntchito azigwira nafe monga kale."

Amayi anga anabwera kuno kuchokera ku Thyolo zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, kutsatira bambo anga amene amakama mitengo ya labala ku esiteti. Anaphunzira kuviika chinangwa mpaka zala zinatumbuluka. Kale gululi linkayanika pamiyala ndi pansi, ufa n'kumalumitsa mchenga. Thandala lokwera lija, limene a bungwe anayamikira mpaka kulijambula, anayambitsa ndi iwowo. Mitengo yake anasenza ndi bambo anga.

"Ndiye pa ntchito ndi anzanu, pa chithunzi ndi alendo?"

"Pemphero, lemekeza akulu," anatero mayi wina wa kumapeto.

"Ndikuwalemekeza, n'chifukwa chake ndikufunsa pamaso pawo, osati kumbali."

Dennis anaimirira, n'kulowetsa foni m'thumba. Anali atapeza mphamvu.

"Ukundilalatira chiyani ine? Ndinangotumidwa. Nkhaniyi anakambirana pamsonkhano Lachisanu, onse awa. Amako analipo. Afunse ngati anatsutsa."

Ndinatembenuka. Amayi anali atasenda chinangwa chimodzi mpaka kuchidya mnofu, chatsala kamtima kokha.

"Amayi, n'zoona?"

"Tiye kunyumba, Pemphero," anatero motsitsa. "Tidzaikidwa m'manda ndi anthu omwewa. Usandiyambanitse nawo."

Ndinamvetsa. Sanavomere, anangoopa. Ndipo onse amene anakhala pamenepo ankadziwa kuti adzaopa, n'chifukwa chake anawayankhulira pamaso osachita manyazi.

Sindinapite kunyumba. Chithunzi chenicheni ndinali nacho m'foni, chosakhudzidwa, amayi akuseka ndi beseni m'manja. Nambala ya mayi wina wa ku bungwe lija ndinali nayonso, chifukwa ndi ine ndinkamutumizira zonse. Ndinaika zithunzi ziwirizo pamodzi, chala changa chili pamwamba pa batani lotumizira, n'kuwaonetsa onse.

"Sindinatumize. Ndikufuna ndimve kaye kwa inu. Anyachirwa, Anyamwale, Anyabanda, nonse amene mwayanika pa thandala la amayi anga chaka chino. Lachisanu wina anayamba kutchula dzina lawo, ena n'kuvomereza. Ndani anayamba? Musayang'ane chinangwa, yang'anani ine. Yankhani!"