Ndevu za Nyengo ya Agwape

Lorraine anatulutsa yunifolomu ya mwamuna wake m'makina ochapira n'kuiponya pansi. Zipi inali itadyeka, mabatani atachita dzimbiri, ndipo fungo la klorini linali likadalipo ngakhale anachapa kawiri. Nyansi zenizeni! Mpweya wodya chitsulo chonchi, nanga mapapo a munthu ungawasiye?

Mwamunayo, Wendell, ankagwira ntchito kufakitale ya mapepala, mbali ya matanki a klorini. Anali pakhonde akupukuta mfuti uku akutsokomola, ndevu zili nyankhalala. Amuna a kufakitaleko ali ndi kamwambo kawo: nyengo yosaka ikayamba, munthu sameta mpaka atapha gwape. Wendell anali atatha milungu isanu akubwerako chimanjamanja.

Lorraine anamukumbutsa kuti masiki yopumira sigwira pankhope ya ndevu, mpweya umalowera m'mbali. Iye anangoseka, nati aliyense amapaka girizi m'ndevumo kuti masiki imate, ndipo kapitawo amaona koma salankhula, poti nayenso zake zafika pachifuwa.

"Girizi? Munthu wamkulu ngati inu kudzola girizi ngati nati wa galimoto?" anatero Lorraine. "Mwamuiwala Clovis, uja akukoka botolo la mpweya popita kutchalitchi? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Ndimete, anzanga azikati ndametedwa ndi mkazi? Loweruka lino gwape agwa, uona."

Loweruka silinafike n'komwe. Lachinayi m'mawa foni inalira. Paipi ya klorini inali itadontha kufakitale, ndipo amuna atatu analowa atavala masiki kukatseka. Awiri, amene anali atapha kale agwape awo n'kumeta, anatuluka bwinobwino. Wachitatu, Wendell, anzake anachita kumukoka miyendo pomutulutsa.

Kuchipatala Lorraine anatsala pang'ono kumupitirira. Maso a Wendell anali psuu, pachifuwa pakulira ngati ketulo, chibwano chili mbee. Anamwino anali atameta ndevu zonse kuti masiki ya okosijeni igwire. Dokotala sanabise mawu: mapapo apsa, ndipo sadzabwereranso mwakale.

Masana kunabwera kapitawo uja atanyamula maluwa, nkhope ili see, akununkhira sopo. Anali atameta atangomva kuti a boma oyendera mafakitale ali m'njira. Manyazi analibe ndi pang'ono pomwe.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero kapitawoyo. "Tagwirizana kuti gwape woyamba kugwa Loweruka, nyama yonse ndi yanu."

"Kadyeni nokha. Uyu ngakhale madzi akukanika kumeza."

Maluwawo Lorraine anawaponya m'bini kapitawo akuona, natuluka kukafunsa kumene oyendera aja afikira. Yunifolomu ija inali m'galimoto, ndipo anafuna aione ndi maso awo. Atacheuka pakhomo anaona Wendell akupapasa chibwano, kufunafuna ndevu zake.