Gretchen Anabwera Lachisanu

Ine ndi Gretchen Hoefs tinakulira msewu umodzi m'katauni kathu ka alimi a ng'ombe zamkaka, kumpoto kwa Amereka kuno. Pa ukwati wake womuperekeza ndinali ine. Nditatsegula malo anga odyera pafupi ndi mlatho, kasitomala woyamba anali iye, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu sankaphonya Lachisanu, tsiku la nsomba zokazinga. Ankakhala pa tebulo la pakona n'kuitanitsa zomwezo: nsomba ziwiri, mbatatesi, kabichi ndi khofi wopanda mkaka.

Atasankhidwa kukhala phungu ku nyumba ya malamulo ya chigawo chathu sanasinthe. Tinkavota mosiyana, iye akudziwa, ine ndikudziwa. Ankandiseka kuti mtima wanga ndi wofewa ngati buledi wonyowa, ine n'kumubwezera kuti wake ndi chisanu cha mu Januwale. Tikatero ndinkamuwonjezera khofi.

Nsomba zimenezo ankakazinga ndi Ofelia Barrios, amene anagwira ntchito kukhitchini kwanga zaka khumi ndi chimodzi. Mwamuna wake Nestor ankakama ng'ombe pa famu ina kunja kwa tauni. Chaka chimenecho aphungu anakhazikitsa lamulo lakuti apolisi akaimitsa munthu pamsewu azimufunsa mapepala okhalira m'dziko muno. Gretchen analivomera, analiyamikiranso pa kanema. Patangotha miyezi iwiri, Nestor anaimitsidwa chifukwa cha nyali yakumbuyo ya galimoto imene inali yakufa. Mapepala analibe, ndipo kunyumba sanabwererenso.

Ofelia sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Ankabwera maso ali otupa, n'kuvala epuloni yake osalankhula. Lachinayi masana, tikusenda mbatatesi, ndi pamene anatsegula pakamwa.

“Mayi Marlene, mawa akabwera mayi a pakona aja, nsomba zawo mukazinge nokha. Manja angawa sangathe.”

Ndinati ndamva. Koma ndinaganiza kuti ndichite zoposa pamenepo. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kumuimbira foni Gretchen. Ndinamufotokozera zonse: za Nestor, za ana awiri otsala ndi mayi wawo, za maso otupa aja.

“Mzanga, ndikukupempha, kwa milungu ingapo usabwere kaye. Nsomba zako ndizikubweretsera ndekha kunyumba, zikadali zotentha.”

Iye anati, “Ndamva, Marlene. Pepa. Zikhale pakati pa iwe ndi ine.”

Ndinabwerera kukhitchini mtima uli m'malo. Ndinkadziuza kuti chinansi chakale chimaposa ndale.

Lachisanu nthawi ya nkhomaliro mipando yonse inali yodzaza. Belu la pachitseko litalira ndinatukula maso, n'kuona Gretchen. Anali atavala jekete lake labuluu limene amavala akamapita pa kanema. Kumbuyo kwake kunali Brent Lasky, mkulu woyendetsa kampeni yake ya chisankho chimene chinali pafupi, atagwira foni pachifuwa, diso la foniyo likuyang'ana ine. Gretchen sanapite pakona pake. Anaima pakati penipeni n'kukweza mawu ngati ali pamsonkhano.

“Marlene, ndamva kuti pano sindikufunikanso chifukwa cha mmene ndinavotera. N'zoona?”

Mafoloko onse anaima.

“Gretchen, paja tinagwirizana,” ndinanong'ona.

“Lankhula mokweza, anthu amve. Undipatsa chakudya kapena ayi?”

Ndinacheuka. Pa kawindo kamene timatulutsira mbale panali nkhope ya Ofelia, akundiyang'ana. Ndikanati inde, ndikanamuuza chiyani mawa lake? Komanso ndinali nditakwiya kwambiri.

“Ayi. Lero sudya pano. Tuluka.”

Dale Wojta, mlimi amene wakhala akudya pamalo anga kuyambira ali ndi tsitsi, anamenya tebulo. “Manyazi bwanji! Ndiye tiziyamba taonetsa mmene tinavotera tisanaitanitse khofi?”

“Khalani pansi, a Dale, nsomba zanu zikuzizira,” anayankha mayi wina wophunzitsa ku sekondale, uku akuomba m'manja. “Kwachuluka ndi kuwanyengerera anthu amenewa.”

“Anthu amenewa ndiye ati? Tanenani, mayi, ndife ati?”

Phokoso linabuka. Gretchen anagwedeza mutu mwachisoni, chisoni choyang'ana ku foni ya Brent, n'kutuluka pang'onopang'ono.

Dzuwa lisanalowe, kanema amene Brent anajambula anali paliponse. Sanafike ndi mphindi imodzi yomwe. Mawu anga akuti tinagwirizana sanamveke, koma akuti tuluka anamveka bwino kwambiri. Foni ya pamalopo inayamba kulira osalekeza. Anthu a kutali, osadziwa ngakhale kumene mlatho wathu uli, ankanditukwana ndi mawu amene sindingawabwereze. Loweruka m'mawa ndinapeza windo lakutsogolo litapakidwa penti yofiira. Dale ndi anzake anasamukira ku malo odyera a pamsewu waukulu.

A mbali inayo nawo anabwera. Magalimoto ochokera mumzinda ankadzaza kutsogolo, anthu akundikumbatira, akunditcha ngwazi, akujambulitsa nane zithunzi. Mmodzi anandipempha kuti ndinenenso kuti tuluka, ajambule. Palibe amene anandifunsa chimene chinachitika.

Lachitatu Ofelia anabwera wopanda epuloni. Anandionetsa foni yake. Wina anali ataimitsa kanema uja pamene pankaoneka nkhope yake pa kawindo, n'kuizunguliza ndi mzere. Pansi pake analemba kuti: uyunso mufunseni mapepala. Wina anali atayankha kale, kutchula dzina lake ndi sukulu ya ana ake.

“Tikupita kwa msuweni wanga, kutali,” anatero. “Ana ali m'galimoto.”

“Ofelia, dikira. Tipeza loya. Ine ndinachita zija chifukwa cha iwe.”

“Ine ndinangopempha kuti mukazinge nokha, mayi. Za kwathu munakawauza bwanji osandifunsa?”

Anandigwira dzanja mwaulemu, monga mmene munthu amagwirira dzanja la mlendo, n'kutuluka.

Lamlungu masana ndinapita kunyumba kwa Gretchen. Ndinamupeza akusesa masamba pabwalo, atavala juzi yakale ya malemu bambo ake. Atandiona anamwetulira, kumwetulira kwenikweni kwa masiku onse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa matukwano a pafoni.

“Ndinadziwa kuti ubwera. Lowa, khofi alipo.”

“Unati zikhale pakati pa iwe ndi ine.”

Anatsamira chosesera chija. “Ndinangomuuza Brent chifukwa zinandipweteka, Marlene. Zaka zonsezi, ndiye undiuze kuti ndisabwere? Iye ndiye anati mwayi woterewu subwera kawiri. Pa kafukufuku wa mavoti ndinali kumbuyo. Pano ndili patsogolo.”

“Ndiye jekete labuluu anakuveka ndi Brent?”

“Usatero, iwe. Ndi ndale izi, sizikukhudza ine ndi iwe. Ndiponso kwanu sikukudzaza? Ndamva kuti anthu akuima pamzere. Chisankho chikadutsa aliyense adzaiwala, ife tidzakhala pansi n'kumaseka.”

“Ofelia wathawa ndi ana.”

Gretchen anakwinya nkhope. Sankanamizira, ankayesadi kukumbukira.

“Ofelia ndi uti?”

Ndinali nditamutchulira dzinalo pafoni masiku khumi okha apitawo. Ndinamuyang'ana mnzanga amene ndinamugwirira maluwa kutchalitchi, ndipo ndinazindikira kuti pa zonse ndinanena tsiku lija, iye anangomva chimodzi: kuti ndamukaniza kubwera.

“Amene wakhala akukukazingira nsomba zaka khumi ndi chimodzi,” ndinatero.

“Aa, wa kukhitchini uja. Pepa, zachisoni zedi. Umuuze aimbire ku ofesi kwanga, atsikana a kumeneko aona chimene angachite.”

Ndinabwerera ku galimoto. Anandiitana kawiri, koma sindinacheuke.

Chisankho anapambana. Anthu a mumzinda aja anasiya kubwera patatha mwezi, atapeza ngwazi ina. Dale sanabwerere, ndipo tikakumana ku positi amayang'ana makalata ake. Panopa ndimakazinga ndekha, chifukwa amene ndinawalemba ntchito pambuyo pake sakhalitsa.

Mawa lake la chisankho Gretchen ananditumizira uthenga pafoni: “Zatha tsopano. Tikumane liti?” Mchemwali wanga akuti ndimuyankhe, poti tauni ndi yaing'ono ndipo tonse tidzaikidwa manda amodzi. Sindinamuyankhe. Ofelia ndamuimbira kasanu. Kanayi foni inangolira, kachisanu ndinamva kuti nambalayo sikugwiranso ntchito.