Kodi M'nyumba Yanga Mukhala Ndani?

Olipa anagogoda pa nyumba yake ya ku Chongwe, koma amene anatsegula chitseko anali mayi wachilendo, mwana ali kumsana.

"Mufuna ndani, amai?" anafunsa mayiyo.

"Nifuna ba Gershom, aphunzitsi. Ndine mwine wa nyumba ino."

"Ba Gershom siniwadziwa. Ine ndine Inutu, ndipo ba landilodi athu ni ba Kelly."

Olipa anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ananso nyumbayo. Kapena wasochera? Dera limeneli nyumba zatsopano zinali zitachuluka. Koma mtengo wa mapeyala umene anabzala ndi manja ake unali pomwepo pakhomo.

Nyumbayi anaimanga ndi mwamuna wake Ezron ndi ndalama za tomato ndi chimanga, iwo akukhalabe kumunda ku Kanakantapa. Itatha anaikamo Gershom. Anagwirizana pakamwa chabe, poti ankapemphera mpingo umodzi. Lendi inkalowa pa foni mwezi ndi mwezi, ndiye Olipa sankaona chifukwa chopitira kumeneko. Tsikuli anangopatuka atagulitsa tomato kumsika.

Inutu anamulola kulowa. Chipinda chochezera chinali chitagawidwa pakati ndi matabwa, ndipo mbali inayo kunkagona banja lina. Kuchipinda chakumbuyo kunali nkhuku zachizungu, fungo lokhalokha. Paipi ya kubafa inkadontha, khoma lonse litanyowa mpaka pulasitala kuyamba kugwa.

"Tinauza ba Kelly kudala, kalekale," anatero Inutu. "Amangoti mailo, mailo, koma mawa lake silifika."

Olipa anaimbira Gershom foni nthawi yomweyo.

"Amai, ine ananisamutsira ku Luangwa," anayankha Gershom. "Ninasiya msuweni wanga Kelly kuti azisunga nyumba. Sanakuuzeni?"

Ataimbira Kelly, iye anati, "Ine nidziwa ba Gershom, imwe sinikudziwani. Kambani nao."

Mu minibasi yobwerera kwawo, Olipa mutu unali utaima. Wokhala m'nyumba sakumudziwa. Womudziwa sakhala m'nyumba. Wotolera lendi kwa anthuwo si mwini wake. Nanga agwire ndani?

Kunyumba aliyense anabwera ndi yake. Wina anati apite ku polisi, wina ku khonsolo, wina kwa abusa. Ezron sanafune kumva zonsezo.

"Amake Kondwa, mailo nitenga nyundo," anatero. "Nikachotsa zitseko na malata, adzatuluka okha."

Olipa ankaona kuti sizili bwino, makamaka akakumbukira mwana wa Inutu, koma njira ina sankaidziwa. M'mawa anamutsatira mwamuna wake, mtima uli m'mwamba.

Ezron atangoika nyundo pa chitseko, mwana anayamba kulira m'katimo. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anatuluka msanga. Anali Fridah, namwino wopuma pa ntchito, amenenso anali ndi nyumba zake za lendi.

"Atate, ikani nyundo pansi!" anatero. "Mukachotsa chitseko ico, mlandu udzakhala wanu. Munthu sachotsedwa m'nyumba na mphamvu. Mumamupatsa notisi yolemba na nthawi yosakira malo. Akakana, ni khoti imalamula, osati nyundo."

"Nyumba ni yanga!" anakalipa Ezron.

"Ni yanu, inde. Koma awa anthu sanabe. Ananamizidwa monga imwe."

Ezron anatsitsa dzanja. Olipa anafunsa motopa, "Nanga tiyambire pati, amai? Ine zonse zanisokoneza."

"Munagwirizana na ndani?"

"Na ba Gershom."

"Basi, yambani na iwo. Abwere kuno na Kelly wao, matenanti onse alipo, na mboni. Pa foni aliyense amaloza mnzake. Pamaso zimavuta."

Loweruka onse anakhala pansi pakhomopo, pamodzi ndi mkulu wa mpingo ndi Fridah. Kelly anayamba ndi kukana, koma Inutu ndi banja linalo atafotokoza mmene anawalowetsera, anangoweramitsa mutu. Gershom anachita manyazi.

"Ninalakwa kucoka osakuuzani," anatero. "Paipi na khoma tidzakonza ine na Kelly. Nkhuku zicoka lelo."

Banja lachiwiri linalandira notisi ndipo linapeza malo ena mwamtendere. Mwamuna wa Inutu, amene ankagwira ntchito ku Lusaka, anapempha kuti atenge nyumba yonse. Olipa anavomera, koma Fridah anati asathamange.

"Tsopano mulembe. Ikanimo maina a onse okhalamo, tsiku la lendi, na nthawi ya notisi. Mulembenso kuti kulowetsa munthu wina popanda mwine wake kudziwa n'kosaloledwa."

"Nanga paipi ikaphulika, akonza ndani?" anafunsa Olipa.

"Zimene zaonongeka cifukwa ca kukalamba kwa nyumba ni zanu. Zimene aononga okhalamo ni zao. Izonso mulembe, musadzakangane. Ndipo pa lendi iliyonse muzipatulako pang'ono za kukonzera nyumba."

Anayendera limodzi chipinda ndi chipinda, akujambula pa foni mmene chinalili. Kenako onse anasaina, mboni zinasainanso, ndipo aliyense anasunga pepala lake.

Kuyambira pamenepo Olipa amafika kudzaona nyumba yake pakapita miyezi ingapo, atayamba wadziwitsa Inutu. Mvula isanayambe anapeza lata limodzi litayamba kudontha, ndipo analisintha siling'i isanawole. Inutu nayenso amagona mtima uli pansi, podziwa kuti palibe amene angamutulutse mwadzidzidzi.

Ngati muli ndi nyumba ya lendi, kulandira ndalama sikokwanira. Dziwani amene akukhalamo, lembani zimene mwagwirizana pamaso pa mboni, ndipo muziiyendera. Pakabuka vuto, khalani pansi mukambirane, ndipo zikakanika tsatirani lamulo. Mukatero muteteza nyumba yanu komanso anthu okhalamo.