Waya wa Dzira la Chule

Wamagetsi sankadziwa kukhala pansi. Ngakhale pamaliro ankangoyendayenda, maso kudenga, kunyoza mawaya a eni ake. Ndiye mwana wa mchemwali wake, mtsikana wophunzira zasayansi, atamuimbira foni akulira, anafika ku labu thukuta lili kamukamu.

"Wafa ndani?"

"Dzira, malume. Likufa."

Linali dzira la chule, kukula ngati kanjere ka mpiru, lobayidwa ndi timasingano tiwiri tagalasi m'kati mwa kakhola ka waya. Pa kompyuta mzere wobiriwira unkanjenjemera ngati wamalungo.

"Pakhungu la dzirali pali timakomo ta mapuloteni," anatero mtsikanayo mothamanga. "Timamva magetsi. Mphamvu ikasintha timatseguka, mchere n'kulowa, selo n'kuyamba ntchito. M'mitsempha mwanumo zimachitikanso choncho. Ndikufuna kujambula kutsegukako, koma magetsi a m'chipinda muno akusokoneza. Dzirali likhala ndi moyo mphindi makumi awiri basi, ndipo aphunzitsi akufuna zotsatira lero."

"Sukulu yonseyi, iwe, kukathera kubaya mazira? Anzako amakazinga."

"Malume!"

Wamagetsiyo anazula pulagi ya filiji. Mzere osasintha. Anazimitsa babu, anazula tchaja, anakwawa pansi pa tebulo n'kugunda mutu, n'kutukwana amene anawayira nyumbayo mpaka agogo ake. Dzanja linali litafika kale pa swichi yaikulu pomwe mtsikanayo anakuwa kuti zonse zithima.

Mphindi khumi zinapita.

Kenaka wamagetsiyo anakaona: kawaya ka efi, kothawitsira magetsi osokoneza pansi, kobiriwira, kakulendewera kuseri kwa kakholako, sikuluwu yake itasowa. Anakatsina n'kukakanikiza pachitsulo ndi chala.

Mzere unagona phee.

"Musasunthe!"

"Ndikangotenga sikuluwu m'chikwa..."

"Musapume n'komwe!"

Bambo wamkulu anaima chowerama, thako m'mwamba, tsaya pakhoma. Mphuno inayamba kuyabwa. Foni inanjenjemera m'thumba kawiri, mwina kasitomala, mwina mayi akunyumba. Mwendo unachita dzanzi, ndipo anaganiza kuti timakomo take tatsekeka tonse.

Mtsikanayo anadina batani. Mzere unadumphira pansi n'kubwerera mwaulemu. Anadinanso, unadumphanso.

"Tatseguka! Malume, tatseguka!"

"Zikomo kwa achule. Ndisiye tsopano?"

Mtsikanayo anasuzumira m'kambale kena, n'kumwetulira mwaulemu wokayikitsa.

"Pali dzira lina likuoneka lamoyo. Limodzi lokha, malume anga abwino."