Tebulo la Amuna ku Hout Bay

"Musasunthe," anatero mayi wina wachizungu m'Chingerezi, akundiyeza ndi tepi kuchokera pansi mpaka m'chigongono. Atayezanso tebulo lathu lodulirapo nsomba, anapukusa mutu.

Fakitale yathu ya ku Hout Bay inamuitana kuti adzaone kagwiridwe kathu ka ntchito. Tebulolo linapangidwira amuna ataliatali. Ife tinkadula nsomba mapewa ali m'mwamba, mapazi pasimenti yonyowa, ndipo dzanja langa lamanja linali litachita dzanzi moti mabatani a yunifomu ya mwana wanga ankandikanika.

Pa nthawi ya tiyi mayiyo anatisonkhanitsa.

"Matebulo ofupika alipo. Koma abwana sagula chinthu chifukwa cha chisoni. Ndiyenera kuwasonyeza kuti ululu wanuwo ukuwadyera ndalama. Ndani anajombapo chifukwa cha manja kapena msana?"

Kujomba? Mnzathu Tione atapita kuchipatala kamodzi kokha, pobwera anapeza epuloni yake itavalidwa ndi wina.

"Ine dzanja ili likufa," ndinatero. A Safia, mayi wa ku Machinga amene tinkaima limodzi, ananditsina.

"Munapumapo masiku angati?"

"Sindinapumepo."

"Nanga nsomba zomwe mumadula zinachepa?"

"Ayi." Zikanachepa bwanji, poti ndikatsalira a Safia ankaponya zawo m'kreti yanga?

Mzunguyo anausa moyo. "Ndiye kwa abwana, tebuloli silinawatayitse ngakhale randi imodzi."

Ndinamuthamangira mpaka pagalimoto, magambutsi akundilemera.

"Chonde, auzeni kuti ndinajomba mwezi wathunthu! Auzeni chilichonse!"

"Ndikatero, mawa mudzakhala pantchito?"

Ndinayang'ana kugeti. Amayi ofuna ganyu anali atatsamira waya, akutiyang'ana. Ndinasiya chitseko cha galimotoyo.

Matebulo sanabwere. Pofika nyengo yozizira zala zanga zinakaniratu kufumbata. Tsiku lina m'mawa, kapitawo asanalowe, a Safia anandikokera kuseri kwa mafiriji, n'kutulutsa mpira wa chubu cha njinga.

"Bweretsa dzanjalo, Estere."

Anandiika mpeni m'chikhatho, napinda zala zanga chimodzichimodzi, n'kukulunga mpirawo mpaka kumangitsa. Pamwamba anakokerapo mkono wa juzi.

"Usamasule mpaka tiweruke."

Masana tinakhala pakhoma loyang'ana kudoko, dzanja lomangidwa ndi mpenilo lili pamwendo panga. A Safia ananyema buledi, namuviika mu tiyi, n'kundiika m'kamwa.