Pulagi pa Nsonga ya Chitenje

"Pitani nayo uko mbaula yanuyo, mayi! Simukumva fungo la petulo?"

Lawson ananena izi osatukula mutu. Anali atagwada pakhonde kuyambira m'mawa, akutsanulira petulo wa m'thanki ya njinga yake yamoto m'mabotolo. Mkazi wake Dailes, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, anasuntha mbaulayo n'kukhala pa mtondo kumuonerera.

Munali mu Epulo, chaka cha 1984. Chilumba cha Mbenji chinali chitatsegulidwa kwa asodzi, ndipo mawa lake boti la anzake a Lawson linali kunyamuka padoko la Chikombe. Wopita ku Mbenji sabwera msanga. Amakhala komweko miyezi, nyengo yonse ya mwera, ndipo mkazi saloledwa kupondako. N'chifukwa chake Lawson ankaigoneka njinga yake kuti adzaipeze yopanda dzimbiri.

Ntchitoyo ankaidziwa, tisamunamizire. Anachotsa tcheni n'kuviika mu oilo. Anamasula pulagi, kachitsulo kaja koyatsa moto mu injini, n'kudonthetsera oilo m'bowo mwake. Pansi anaikapo njerwa kuti matayala asagunde dothi. Zonsezi anamuphunzitsa ndi mlangizi wa ku Chitala amene anamugulitsa njingayo.

"Mwaisambitsa, mwaidzoza mafuta," anatero Dailes. "Kwatsala kuibereka kumbuyo."

"Sekani. Chitsulo chikakhala chimadwala, inu simudziwa."

Ali mkati motero anatulukira Yesaya, mlongo wake wamkulu wa Dailes, munthu wosoka maukonde. Anaima n'kugwira m'chiuno.

"Ndiye n'zoona, alamu? Mukuipachika?"

"Ndaipachika kale." Lawson anapukuta pulagi ija n'kuiponya m'thumba la malaya ake. "Iyi ikupita nane ku Mbenji."

"Kodi pachilumba pali msewu?"

"Palibe msewu, komanso palibe a Yesaya."

Apa panali nkhani. Chaka chathacho Yesaya anabwereka njingayo, ndipo atafika pa mchenga wa kumtsinje wouma anagwa nayo n'kuswa galasi lakumanzere. Iye anasupuka chigongono, koma Lawson anayamba wafunsa za galasi. Kuyambira pamenepo Yesaya sankaloledwa ngakhale kukhudza hutala.

Yesaya sanaseke. "Alamu, mbumbayi ndi yanga, ndiye ndinena. Mlongo wangayu watsala masabata owerengeka. Chipatala chili mamailosi khumi ndi awiri. Tsoka silinunkha. Siyani njingayi ili yoyenda."

"Kuti mukaigwetsenso? Ngolo ya a Anderson ilipo."

Mawuwo atangotuluka, Dailes anadzuka pang'onopang'ono, atagwira msana, n'kulowa m'nyumba. Yesaya anamuyang'ana mlamu wake nthawi yaitali, anapukusa mutu, n'kumapita.

Pakamwa ndi poterera. Zaka ziwiri zapitazo Dailes anayenda pa ngolo yomweyo, matenda a uchembere atamuyamba, Lawson ali panyanja. Ng'ombe zinatopa pa mchenga uja, dzuwa linakwera, ndipo mwana wawo woyamba anabadwira m'njira, osalira. Nkhaniyi sankaikamba m'nyumbamo. Lawson anadziwa kuti walakwitsa, koma mwamuna wamakani akalakwa amalimbikira ntchito. Anakankhira njinga m'chipinda, naikwezanso pa njerwa, n'kuyamba kuikuta ndi ziguduli.

"Zigudulizo zinali za usipa," anatero Dailes ali chigonere pa mphasa, nkhope ili kukhoma. "Makoswe adzadya mawaya onse."

Ankanena zoona. Lawson anazitaya panja n'kuyamba kufunafuna nsalu yoyera. Anatsegula sutikesi ya mkazi wake, n'kupisa dzanja pansi. Anatulutsa chitenje chatsopano chamaluwa achikasu, chopindidwa bwino, chonunkha sopo. Anachitambasula pamwamba pa thanki, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati chakwanira.

Chinakwanira. Koma anachizindikira. Chitenje chimenecho anagula ndi iye mwini ku Chipoka, choti adzafundike mwana woyamba uja. Chinapita pa ngolo chili chopinda, chinabwerako chili chopinda. Ndipo anakumbukira zimene analumbira atabwerako kunyanja, ataima pa mchenga uja: kuti mkazi wake sadzakweranso ngolo popita kuchipatala. Anagwira usipa nyengo ziwiri osagula ngakhale nsapato, kufuna njinga imeneyi. Anaigulira Dailes. Kenako anaikonda mpaka kuiwala mwini wake.

Manyazi anamugwira, manyazi enieni otentha m'makutu.

"Mayi," anaitana motsitsa mawu.

Dailes anatembenuka, naona chitenje pa thanki. Sanakalipe. "Chaiyenera," anatero. "Mwana wanu woyamba kukula ndi ameneyu."

Lawson anachotsa chitenjecho, anachipinda mmene chinaliri, n'kuchibwezera m'sutikesi. Kenako anatsitsa njinga pa njerwa. Anabwezera tcheni, anamanga pulagi, n'kuthiramonso petulo yense, botolo ndi botolo. Ntchito ya tsiku lonse anaimasula.

M'mawa mwake boti linanyamuka popanda iye. Anzake anamukuwira kuti mkamwini wadyetsedwa mankhwala, iye n'kungowabayibitsa. Boti lina linali loti lidzanyamuke pakatha masiku atatu. Kuchokera kudoko analunjika kwa Yesaya.

"Alamu, ndinayankhula ngati mwana dzulo. Tiyeni kumchenga."

"Kukatani? Galasi lina lija lakutopetsani?"

"Tiyeni basi. Mubwereke thumba la chimanga."

Thumbalo analimangirira kumbuyo kwa njinga ndi malamba a chubu. Linali lodzaza, lolemera ngati munthu. Anthu opita kumsika anaima kuonerera amuna awiri akuluakulu akulimbana ndi njinga pa mtsinje wouma.

"Thumbali ndi mlongo wanu," anatero Lawson. "Likagwa, mwagwetsa anthu awiri. Giya yachiwiri. Musagwire buleki yakutsogolo, ndi imene inakugwetsani. Maso kutsidya, osati pa tayala."

Ulendo woyamba Yesaya anagwa asanafike pakati. Wachiwiri anagwa chammbali, thumba n'kumupsinja mwendo. Lawson anathamanga, ndipo ulendo uno anayamba wadzutsa munthu.

"Mwapweteka?"

"Ha! Lero mwafunsa za ine?" Yesaya anaseka akulavula mchenga. "Mvula igwa mu Juni."

"Kwerani. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tsiku lachiwiri Yesaya anawoloka kasanu thumba lili chikhalire. Lachitatu anapita mpaka pageti la chipatala n'kubwerako, ndipo Dailes anafunsa ngati chimangacho chachira mwana wamwamuna kapena wamkazi.

Pa tsiku lonyamuka, Lawson anaimika njinga m'chipinda, thanki ili yodzaza. Anamulangiza mlamu wake kuti aziiliza Loweruka lililonse kuti injini isagone, ndiponso kuti azipopa matayala. Kenako anamasula pulagi. Yesaya anatambasula dzanja, koma Lawson analambalala n'kuipereka kwa Dailes.

"Mwini njinga ndi uyu. Akakupatsani, ndiye kuti ndi Loweruka kapena pali ulendo. Osati wa kumowa."

Dailes anaimanga pa nsonga ya chitenje chake, pomwe ankamangapo khadi la chipani. Anamanga mfundo ziwiri.

Ku Mbenji mwera unaomba mwamphamvu chaka chimenecho. Lawson ankakoka makoka mtima uli kumtunda, ndipo boti lililonse likafika ankakhala woyamba kulowa m'madzi kukalichingamira. Patatha masabata asanu kunabwera Binali, wogula nsomba wa m'mudzi woyandikana nawo. Anatsika m'boti nkhope ili gwa, munthu wokonda kuzunza anzake ndi nkhani.

"A Lawson, ndatumidwa ndi alamu anu. Akuti pepani kwambiri. Galasi lotsala lija lasweka."

Lawson anamugwira malaya. "Anagwa?"

"Sanagwe. Pa mchenga anadutsa ngati pa tala. Koma atafika kuchipatala, atamutsitsa mlongo wawo bwinobwino, anathamangira kukaitana anamwino n'kuiwala kuimika njinga. Inadzigwera yokha."

"Nanga mayi?"

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike, ali bwino. Mwana ndi wamkazi, ndipo akulira moti odwala ena akudandaula. Ndamuona ndi maso angawa, amufundika chitenje chamaluwa achikasu."

Lawson anakhala pansi m'madzi momwemo, mafunde akumumenya pachifuwa. Anaseka, misozi ikutsika, osasamala asodzi amene anamuzungulira.

"Ndikawauze chiyani a Yesaya za galasi?" anafunsa Binali.

"Mukawauze kuti lisweke. Zakumbuyo taziona mokwanira."