Si Ndodo Iyi

"Ine manja anga ndi mwala. Lenzi iyi ndimaigwira ngati supuni."

Mayi a m'nyumbamo anamva mawuwa ali kukhitchini, amuna awo akuuza alongo awo pabalaza. Mayiwo anangoyang'ana sosala ya amuna awo ya m'mawa uja, yomwe inali itamwa tiyi wambiri kuposa mwini wake.

Amuna awowo, omwe anzawo ankawatcha a Katswiri iwo n'kumavomera, anali wojambula zithunzi. Lenzi ya kamera imene ankainenayo inali yaitali ngati mkono, yolemera ngati mwana wokana kuyenda. Chaka chimene mwana woyamba wa alongo awo ankalandira satifiketi ya kukoleji, a Katswiri anaigwira pamanja ali kumbuyo kwa holo, ndipo mtsikanayo anatuluka ndi mitu iwiri, yonse yopanda nkhope. Alongo awo chithunzi chimenecho ankachitcha ngongole. Lero wolandira satifiketi anali chitsirizira chawo, ndipo kunalibenso mwana wina woti adzakonzerepo.

"Achimwene, za supuni sindikuzidziwa," anatero alongowo. "Ndikufuna mwana wa mutu umodzi. Mukaphonyanso, pabanja pano tizingoitana wojambula wa pamsika."

Choimikira kamera cha miyendo itatu sankachilola m'holo, ati chimatseka njira. Koma panali china cha mwendo umodzi, chitsulo chotalikitsa chomwe amachimanga kunsi kwa lenzi kuti kulemera konse kutsikire pansi. A Katswiri anachigula okha. Tsoka ilo, tsiku lina ali nacho m'basi, mayi woyembekezera anaimirira n'kunena kuti, "Khalani apa, agogo." Chichokereni tsikulo chitsulocho chinkakhala kuseri kwa chitseko limodzi ndi tsache.

Mayiwo anachifupikitsa n'kuchiponya m'chikwama. Anatopa kale ndi kukambirana.

M'holo munali mdima wa masana ndi fungo la magauni obwereka. Anapeza malo kumbuyo kwenikweni. A Katswiri ananyamula kamera kuti ayese, ndipo mayiwo anaona kamwa la lenzi likugwedera ngati likuvomereza ulaliki.

"Bambo, ikugwedera."

"Ndi mphepo."

"Mawindo ndi otseka."

"Iwe zimenezi unaphunzira kuti?"

Mayina anali atayamba kuitanidwa. Mayiwo anatulutsa chitsulo chija, anachitalikitsa, n'kuchikankhira m'dzanja la amuna awo mmene amapatsira mwana mankhwala. A Katswiri anachigwira kuti achibweze, ndipo anali atachitsamira pamene mtsikana wolondolera alendo anaima pambali pawo.

"Pepani agogo, sitinakuoneni. Kutsogolo kuli mipando ya achikulire."

"Si ndodo iyi," anayamba a Katswiri. "Ichi ndi..."

"Zikomo mwanangu," anatero mayiwo, atawatsina pachigongono. "Bondo lawavuta. Sakonda kunena."

Anayenda holo yonse anthu akuwapatukira, ena akukoka miyendo, ena akuti pepani. A Katswiri anaima kaye pakati pa njira, kenaka, poona kuti mtsikana uja akuwayang'ana mwachifundo, anayamba kutsimphina. Anayamba ndi mwendo wamanzere. Pofika kutsogolo unali wamanja.

"Sankhani umodzi," ananong'ona mayiwo.

Atakhala pansi anamanga lenzi pachitsulo, akung'ung'udza za anthu osadziwa zipangizo. Lenziyo inakhala phee. Mwana wa alongo awo ataitanidwa, kamera inalira kangapo, mayiwo n'kupuma mpweya womwe anausunga chichokereni kukhitchini.

Panja, pansi pa mtengo, banja lonse linawazungulira. Alongo awo analanda kamera ija n'kuyamba kukulitsa chithunzi pagalasi lake, mpaka diso la mwanayo linadzaza galasi lonse. Nsidze zinkawerengeka. Anaonetsa amuna awo, apongozi awo, ngakhale bambo wina wa banja lina yemwe ankangodutsa.

"Nkhani ndi kudziwa kuwala," anatero a Katswiri, akutsamirabe chitsulo chija chifukwa wolondolera alendo anali ataima pakhomo. "Munthu wamba sangamvetse."

"Mwaona nonse," anatero alongo awo. "Ngongole yatha, achimwene. Alamu, apezereni pokhala. Bwanji simunandiuze kuti bondo lafika pamenepa?"

Mayiwo anapita kukafuna mpando.